Ndemanga pa ulendo wokaona chiboliboli cha Rhodes ku Oxford

Ndinalipira kampani ina yaing'ono yoonetsa alendo malo mumzinda wa Oxford, makamaka pofuna kuona chiboliboli cha Cecil Rhodes, mtsamunda wa ku Britain amene analanda madera ambiri kumwera kwa Africa, chimene chili pakhoma la Oriel College mumsewu wa High Street. Chibolibolicho chili pamwamba kwambiri, kotero kuti ndinachita kukweza khosi mpaka kuwawa, ndipo popanda wotiperekeza ndikanachidutsa osachizindikira.

Mayi amene ankatitsogolera anaidziwa bwino nkhani yake. Anafotokoza kuti Rhodes, amene anamwalira mu 1902, anasiyira kolejiyi mapaundi 100,000, ndipo kuti ophunzira a ku Oxford anayamba kufuna kuti chibolibolicho chichotsedwe potengera chitsanzo cha anzawo a ku yunivesite ya Cape Town, kumene chiboliboli chake chinachotsedwa mu 2015. Anatiuzanso kuti akuluakulu a kolejiyi, atanena mu 2020 kuti akufuna kuchichotsa, anasintha maganizo mu 2021 ponena za kukwera kwa ndalama ndi malamulo oteteza nyumba zakale. Sanabise mbali iliyonse ya mkanganowu, ndipo ichi ndinachiyamikira.

Chimene chinandikhumudwitsa ndi chakuti anangotchula South Africa ndi Zimbabwe, osanenapo za Zambia kapena za ndalama zimene British South Africa Company, kampani ya Rhodes, inkapereka ku boma la atsamunda kwathu ku Malawi. Nditafunsa, anavomera modzichepetsa kuti mbali imeneyo sanaiwerenge mokwanira. Phokoso la mabasi nalonso linkameza mawu awo, choncho amene mukufuna kupitako muziima pafupi ndi wotsogolera.