Gold Reef City, Valley of Waves ndi uShaka: kodi ndalama ya banja imagwira ntchito bwino kuti?

Amalawi ambiri amene tikukhala muno mu Johannesburg timalandira ndalama imene imafika ili ndi eni ake kale, chifukwa pali lendi ya nyumba, pali fizi ya ana, ndiponso pali abale kumudzi amene akudikira ya feteleza. Choncho tchuthi cha Disembala chikayandikira, ana n'kuyamba kupempha kuti nawonso akaone malo achisangalalo amene anzawo amasimba kusukulu, kholo limayenera kukhala pansi ndi kuwerengera mofatsa lisanalonjeze kanthu. Ine ndi banja langa tinafikako ku malo atatu amene amatchulidwa kwambiri, omwe ndi Gold Reef City muno mumzinda, Valley of Waves ku Sun City, ndi uShaka Marine World ku Durban, ndipo ndemanga iyi ndi ya makolo anzanga amene akufuna kudziwa kumene randi yawo ikabweze chisangalalo chokwanira.

Chimene ndinaphunzira n'chakuti mtengo wolembedwa pa tikiti umanena gawo lochepa chabe la ndalama imene ituluke m'thumba tsikulo. Pofananitsa malowa ndinkawerengera zonse pamodzi, kuyambira thiransipoti ndi chakudya mpaka tizinthu tolipira padera mkatimo, kenako n'kudzifunsa kuti aliyense wa m'banjamo wasangalala kwa maola angati, kuchotsapo maola a panjira ndi oima pamzere. Ndi muyeso umenewo, Gold Reef City ndiyo imaposa enawo kwa banja lokhala mu Johannesburg, koma imatero pokhapokha ana atafika msinkhu wina wake, monga ndifotokozere.

Mwayi woyamba wa Gold Reef City ndi malo amene ili. Ili ku Ormonde, kummwera kwa pakati pa mzinda, m'mbali mwa msewu wa M1, ndipo kwa ife amene timakhala madera a Rosettenville ndi Turffontein ulendo wake ndi wa mphindi zochepa, moti banja lopanda galimoto lingathe kukwera takisi kapena kuitanitsa galimoto pa foni popanda kuwononga ndalama yaikulu. Palibe kulipira malo ogona, ndipo munthu amene akulowa ntchito m'mawa wa tsiku lotsatira amabwerera kunyumba dzuwa lisanalowe. Kwa anthu ogwira ntchito m'nyumba za ena, m'mashopu ndi m'minda ya maluwa, amene amapuma tsiku limodzi pa sabata, ichi chokha n'chachikulu kwambiri.

Tikiti ya wokwera imakulolani kukwera makina ambiri a mkatimo mobwerezabwereza popanda kulipiranso, ndipo apa ndi pamene phindu lenileni lili. Anaconda ndi sitima imene imalendewera kunsi kwa njanji yake, miyendo ya okwera ili m'malere, n'kumawatembenuza chadodolido kangapo isanaime. Tower of Terror imakukwezani pamwamba pa nsanja, n'kukusiyani kaye mukuyang'ana pansi, kenako n'kukugwetsani pafupifupi mamita 50 mpaka kulowa m'dzenje la pansi pa nthaka. Golden Loop imanyamuka mwadzidzidzi ndi liwiro lalikulu, imazungulira kamodzi chakutsogolo, kenako n'kubwereranso chambuyo. Palinso Jozi Express ndi Runaway Train zimene n'zofatsako, komanso mabwato a Raging River Rapids amene amanyowetsa zovala, choncho ndi bwino kuwakwera dzuwa likuswa mtengo. Ana athu aakulu anabwereza Anaconda mpaka miyendo kulema, ndipo ulendo uliwonse umene anabwereza unkachepetsa mtengo wa chisangalalo chawo. Chiyambire kutsekedwa kwa Ratanga Junction, malo ena a makina otere ku Cape Town, mu 2018, m'dziko muno mulibe malo ena amene ali ndi makina akuluakulu otere ochuluka pamodzi, choncho amene akufuna zoterezi alibe kwina kopikisana nako.

Koma ndikupempha kholo lililonse kuti liyeze mwana wake lisanagule tikiti. Makina akuluakuluwa salola mwana amene sanafike mamita 1.3, ndipo lamulo limeneli ndi loteteza moyo, silikambirana. Mwana wa zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi ali ndi zake zokwera, monga kasitima ka Shongololo ndi akatungwe ozungulira, ndipo amasangalala ndithu, koma zimenezi amazimaliza msanga, n'kuyamba kulira poona akulu ake akulowa kumene iye waletsedwa. Banja limene ana ake onse ndi aang'ono limalipira malo aakulu n'kugwiritsa ntchito kachigawo kochepa. Chimodzimodzinso akuluakulu amene sakufuna kukwera kanthu, monga agogo kapena mayi woyembekezera, asaguliridwe tikiti ya wokwera ngati tikiti yotsikirapo ya ongolowa kukaperekeza ikupezeka. Apongozi anga atabwera kudzationa kuchokera ku Ntcheu tinawagulira imeneyo, ndipo anakhutira ndi kuyendayenda m'timisewu tomangidwa motengera Johannesburg wa masiku amene golide anapezeka mu 1886, akuonerera adzukulu awo.

Tsiku limene mwasankha limasintha kwambiri phindu la tikitiyo. Pa tchuthi cha Disembala ndi pa Isitala anthu amadzaza, ndipo ola limene mwaima pamzere ndi ola limene mwalipira osakwera kanthu. Kunja kwa tchuthi cha sukulu malowa satsegula masiku oyambirira a sabata, choncho ndi bwino kuona pa intaneti musananyamuke, n'kugulira tikiti komweko. Ndi bwinonso kufika chipata chisanatsegulidwe ndi kuyamba ndi makina otchuka, chifukwa m'nyengo ya mvula, kuyambira Okutobala mpaka Malichi, Johannesburg imakonda kugwa mvula ya mabingu ndi ziphaliwali masana, ndipo makina aatali amaimitsidwa nyengo ikatero. Pa chakudya, malo otere kulikonse amagulitsa modula kuposa m'shopu ya pafupi ndi kwanu, choncho ife tinadya mokwanira kunyumba tisananyamuke, n'kupatula ndalama ya chakudya chimodzi chokha mkatimo. Timasewera toponya mipira kuti upambane chidole timalipiridwa padera, ndipo ndi timeneti timene timatha ndalama mwakachetechete ngati ana sanauzidwiretu malire.

Pali chinthu china ku Gold Reef City chimene kwa ine monga Mmalawi chinaposa makina onse, ngakhale chimafuna kuwonjezera ndalama. Malowa anamangidwa pa mgodi weniweni wa golide, Shaft 14 ya Crown Mines, umene unakumbidwa kuzama kupitirira mamita 3,000 ndipo unatsekedwa m'zaka za m'ma 1970. Alendo amavala zisoti, amapatsidwa nyali, n'kutsika ndi chikepe kukaona ngalande zimene anthu ankagwiramo ntchito, ndipo pamwamba amaonetsa mmene golide wosungunula amathiridwira m'chikombole. Ife timachokera ku dziko limene amuna ake ankalembedwa ndi Wenela kubwera kudzagwira ntchito m'migodi ya kuno ku Joni, moti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya South Africa, mpaka pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, mu 1974 n'kupha Amalawi 74, ndipo Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu. M'mabanja ambiri a kwathu muli agogo amene anabwerako ndi njinga, wailesi ndi chifuwa chosatha, ndipo muli ena amene sanabwerere konse. Kuima m'ngalande yamdima ija, denga lili pafupi ndi mutu, ndi kuwauza ana kuti agogo awo aakulu ankakhala m'malo otere tsiku lonse, kunawaphunzitsa zimene sakanazimva ndi mawu okha. Ndalama yowonjezerayo ndinaiona kuti inali yoyenera kotheratu. Apartheid Museum, nyumba yosungira mbiri ya ulamuliro wa tsankho imene inatsegulidwa mu 2001, ili pafupi pomwepo, koma imafuna tsiku lakelake ndi mtima wodekha, choncho sindilangiza kuiphatikiza ndi tsiku la makina.

Valley of Waves ndi malo okongola kwambiri pa atatuwa, ndipo sindikufuna kuwachepetsa. Ali mkati mwa Sun City, m'chigawo cha North West, imene wamalonda wa mahotela Sol Kerzner anaitsegula mu 1979 dera limenelo lidakali Bophuthatswana, chigawo chimene boma la tsankho linapatulira anthu akuda, ndipo gawo la Lost City limodzi ndi dziwe la mafundeli linabwera mu 1992. Dziwe lalikululo lili ndi gombe la mchenga wochita kuthira, ndipo makina amatulutsa funde lofika pafupifupi mamita 2 pakangotha masekondi 90 alionse. Pali zotsetsereka za m'madzi, kuphatikizapo Temple of Courage imene imatsika ngati mathithi, ndi kamtsinje koyenda pang'onopang'ono kamene munthu amangoyandama atakhala pa chubu. Kwa ife amene tinakulira kusamba ku Senga Bay kapena ku Mangochi, gombeli limakumbutsa kwathu ngakhale kuti ndi lochita kupanga, koma kwa ana amene anabadwira kuno ndipo sanaonepo nyanja, ndi chodabwitsa chachikulu. Ubwino wake weniweni ndi wakuti madzi sasankha msinkhu. Mwana wamng'ono amasewera m'mphepete, wamkulu amalimbana ndi mafunde, agogo amakhala pamthunzi, ndipo palibe amene amamva kuti wasalidwa.

Vuto lake ndi mtunda. Ulendo wochokera ku Johannesburg umatenga maola awiri kapena kuposerapo, ndiye kupita ndi kubwera kumadya maola osachepera anayi a tsikulo, kuwonjezera mafuta a galimoto ndi zipata zolipira ngati mwadzera msewu wa N4. Mlendo wa tsiku limodzi amayenera kuwerengera ndalama yolowera ku Sun City ndi yolowera ku dziwelo, ndipo kugona m'mahotela a kumeneko n'kosatheka kwa ambiri a ife. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi madzi sasangalatsa. Njira yokhayo imene ndinaona kuti ndalama imabwerera ndi kupita pagulu. Ife tinapita ndi anzathu a kumpingo, tinasonkherana kubwereka minibasi, tinanyamuka m'bandakucha, ndipo mtengo wa ulendo utagawidwa pa mitu yambiri unakhala wopiririka. Banja limene lili ndi galimoto yakeyake lingawonjezere phindu polowa m'nkhalango ya Pilanesberg imene ili moyandikana, mmene muli njovu, zipembere ndi mikango, ngakhale kuti kuchita zonse ziwiri tsiku limodzi kumapangitsa kuti chilichonse chichitike mothamanga.

Ndiyenera kunenapo kuti Gold Reef City ndi Sun City onse ali ndi nyumba za juga pafupi ndi malo a ana. Ana osakwana zaka 18 saloledwa kulowamo, koma bambo amaloledwa, ndipo ndalama imene banja lasunga kwa miyezi ingathe m'kanthawi kochepa. Ndikunena izi mochokera pansi pa mtima kwa abambo anzanga: ndalama ya tsikulo isungidwe ndi amene sakopeka nazo.

Za uShaka Marine World sindinena zambiri, chifukwa kwa munthu wa ku Johannesburg si malo a tsiku limodzi. Ali ku Durban, pafupifupi makilomita 570 kudzera msewu wa N3, ndipo anatsegulidwa mu 2004. Tikiti yophatikiza imakulowetsani ku Sea World, kumene nsomba, akamba a m'nyanja ndi shaki zimaonekera m'magalasi mkati mwa nyumba yomangidwa ngati sitima yapamadzi yosweka, komanso ku Wet 'n Wild kumene kuli zotsetsereka. Tikangoyang'ana za mkati zokha, uShaka imapereka zambiri kwa misinkhu yonse kuposa malo ena awiriwa, popeza mwana amaphunzira ndi kusewera tsiku lomwelo, ndipo nyanja yeniyeni ili pomwepo yosambira ulere. Koma mukaphatikiza basi kapena mafuta, zipata za pa N3 ndi malo ogona, tikitiyo imasanduka kachigawo kakang'ono ka ndalama yonse, ndipo ambiri a ife tikakhala ndi ndalama yotere timayamba taganiza za ulendo wa kumudzi. Ngati muli ndi m'bale ku Durban wokusungani, kapena mwapitako kale pa zifukwa zina, musabwereko osalowa.

Kwa makolo amene ana awo sanafike mamita 1.3 aja, malangizo anga ndi akuti musathamangire malo atatuwa. Johannesburg Zoo, imene inakhazikitsidwa mu 1904 ku Parkview, ndi yotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi malo a makina, imakulolani kulowa ndi chakudya chanu n'kukhala pa kapinga, ndipo mwana wamng'ono amathera tsiku lonse akuona mikango, anyani ndi mbalame popanda womubweza pakhomo lililonse. Tsidya lina la msewu wa Jan Smuts kuli Zoo Lake, kumene kulowa n'kwaulere ndipo mumangolipira ngati mukufuna kupalasa bwato. Mng'ono wanga, amene ana ake onse ali m'makalasi oyambirira, ndinamulangiza kuti chaka chino apite kumeneko ataphika mpunga ndi nkhuku kunyumba, ndipo ndalama ya Gold Reef City aisunge mpaka wamkuluyo atatalika mokwanira kukwera Anaconda.