Mwendo wanga wakumanzere, zaka zitatu chiundanireni magazi

Abale anga a ku Mangochi, ambiri mwakhala mukufunsa mayi za mwendo wanga kuno ku Joni. Ndati ndikuuzeni ndekha, poti basi imene inandiyambitsira vutoli mukukwerabe.

Ulendo umenewo tinadzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, masiku awiri miyendo ili chipindire, thumba la usipa ndi ufa lili pamapazi. Madzi ndinkamwa pang'ono poopa kuimitsa basi. Patapita masiku anayi ndili ku Johannesburg, katumba wakumanzere anatupa, akutentha, atauma gwa. Mnzanga wogona naye chipinda anati ndaponda mankhwala, n'kuyamba kundisisita. Kuchipatala atandiunika ndi makina anapeza kuti magazi aundana mumtsempha wamkati, matenda otchedwa DVT. Za kusisitazo adokotala anakalipa, akuti magazi oundanawo akathothoka amakatseka mitsempha ya m'mapapo, munthu n'kufa.

Ndinamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, miyezi 6, ndikumayezetsa INR, muyeso woonetsa mmene magazi akuchedwera kuundana, kuti izikhala pakati pa 2 ndi 3. Ndinkayesa zatha.

Ayi ndithu. Chaka chisanathe mwendo unayamba kulemera madzulo aliwonse, kuyabwa, khungu la pakakolo likuda. Adokotala anandifotokozera chonchi: m'mitsempha yobweza magazi kumtima muli tizitseko toletsa magazi kubwerera pansi. Magazi oundana aja amawononga tizitsekoto, ndiye magazi amangodikha m'munsi. Pa anthu 10 odwala DVT, awiri mpaka asanu amatsala ndi vutoli. Ine ntchito yanga ndi yamushopu, kuimirira tsiku lonse, ndiye mwendo unkachita kuthina mu nsapato.

Chimene chandithandiza kwambiri ndi sokosi yothina ya kuchipatala, yofika m'bondo, imene amayamba akuyeza kakolo ndi katumba. Ndimavala m'mawa ndisanaponde pansi, mwendo usanatupe. Ndimaitembenuza mpaka pachidendene, kulowetsa phazi, kenako kuikweza pang'onopang'ono mpaka zala za m'manja kuwawa, osasiya khwinya paliponse. Usiku ndimavula, kudzola Vaseline, n'kusanjika mwendo pamapilo awiri kuti upose mtima. Kuntchito ndimanyang'ama ndi zala za kumapazi kangapo pa ola, chifukwa katumba akamagwira ntchito ndiye amakankha magazi kukwera. Koma musangogula sokosiyi pamsika, makamaka inu a shuga: akuchipatala ayambe aona ngati magazi akufika bwino kuphazi. Ena amene mtsempha wa m'chiuno unatsekeka amawaika kachubu kotsegula njira, ine sizinafike pamenepo.

Chimandiwawa ndi nkhani ya mphini. Ndikudziwa kuti amalume ananena mwachikondi kuti ndibwere andidule, koma khungu la mwendo wotere likang'ambika chilonda chimatenga miyezi, ndipo womwa warfarin magazi sachedwa kutuluka osaleka. Chilonda chikabuka pakakolo, mankhwala ake enieni ndi bandeji yothina yomanga anamwino, osati phulusa.

December ndikubwera, sokosi ili kumwendo ngakhale kutenthe bwanji kunyanjako. Ndalipira mpando wa mphepete mwa kanjira, ndipo paliponse basi ikaima ndizitsika kuyendako. Achimwene, azakhali a ku Namwera aja mwendo wawo umodzi watupa chibadwire mwana, musadikire ine, apititseni ku chipatala cha boma sabata ino.