Ulendo wa tsiku limodzi wokwera Mariepskop kuchokera ku Joni: nyenyezi 4 mwa 5

Ndadikira sabata ziwiri chibwerereni ndisanalembe, kuti mawondo ayambe apola ndipo mtima ukhale pansi. Tinapita ku phiri la Mariepskop awiri, ine ndi alamu anga, mwezi wa Meyi. Aliyense analipira R1,650. Ndalamayo inali ya minibasi yochokera ku Johannesburg, malo ogona usiku umodzi kufupi ndi Hoedspruit, chilolezo cholowera m'nkhalango, chakudya chamasana ndi magaidi awiri.

Kwathu ndi ku Mulanje, mbali ya Likhubula, ndipo ndili mnyamata ndinkakwera ku Chambe ndi ku Lichenya. Kuno ku Joni ndakhala zaka 9, ndipo Loweruka ndikapeza mpata ndimakayenda ku Klipriviersberg, kumwera kwa mzinda. Choncho nditaona kampani yokonza ulendowu italemba kuti ndi wapakatikati, woti aliyense wathanzi angathe, ndinakhulupirira. Ndine amene ndinakopa alamu kuti tipite. Iwo ali ndi zaka 52, ndi telala ku Fordsburg, tsiku lonse amakhala pampando akupalasa makina.

Nyenyezi imodzi ndachotsera pamenepa. Ulendowu ndi wolimba, ndipo kampani iyenera kunena zimenezo poyera. Munthu ukamva kuti nsonga ya Mariepskop ili pa mamita opitirira pang'ono 1,900, ndipo Johannesburg yomwe timakhalayi ili kale pa mamita pafupifupi 1,750, umaganiza kuti n'kachitunda chabe. Koma phirili sumalikwera kuchokera ku Joni. Umayamba watsika kaye kupita kuchigwa chotentha cha Lowveld, kumene Hoedspruit ili pa mamita pafupifupi 500 okha, ndiye kuchokera m'munsimo uyambe kubweza ndi miyendo yako zonse zimene galimoto inatsika. Foni yanga inawerenga makilomita 24 kupita ndi kubwera, ndipo tinakwera mamita oposa 1,000. Zikanalembedwa choncho pachilengezo, alamu akanakonzekera miyezi iwiri kapena akanatsala.

Za ulendo wa pamsewu ndinene mwachidule. Anatiuza kuti tinyamuka 12 koloko masana Lachisanu, koma minibasi inafika 2 koloko itadutsa, popanda ngakhale uthenga pa WhatsApp. Tinadzera eMalahleni, Dullstroom, Mashishing ndi Ohrigstad, ndipo pa Abel Erasmus Pass ndi mumphanga ya Strijdom tinadutsa kuli mdima, malo amene ndinkafunitsitsa kuwaona ndi maso. Kogona kunali kwaukhondo, madzi otentha analipo, maneti a udzudzu analiponso. Kumeneko ndilibe chodandaula.

Tinayamba kuyenda 5:30 m'mawa, tili anthu 14. Gaidi wamkulu anali kutsogolo ndi achinyamata othamanga. Wachiwiri, bambo wachikulire wa ku Acornhoek, anali kumbuyo, ndipo nyenyezi zinayi zomwe ndapereka kwenikweni ndi za bambo ameneyu.

Poyamba njira imadutsa m'minda ya paini ndi bulugamu, yomwe ina anaidula n'kuisiya kuti mitengo yachilengedwe ibwerere. Mbali imeneyi ndi yotopetsa, dzuwa likangotuluka kumatentha ndipo mthunzi ndi wochepa. Koma mukangolowa m'nkhalango yeniyeni zonse zimasintha. Mpweya umazizira nthawi yomweyo. Mitengo ya yellowwood yaitali, ndere zotuwa zikulendewera m'nthambi ngati ndevu za agogo, miyala yonyowa, timitsinje tikuyenda pansi pa masamba. Fungo la dothi lonyowa lija linandibwezera kwathu, m'makhwawa a panjira ya ku Lichenya, mpaka ndinaima kaye osayankhula. Alamu ndi amene anayamba kuona anyani akuda m'mitengo. Gaidi anati ndi samango, ine n'kuti kwathu timati nchima, ndipo anandiuza kuti ndibwereze dzinalo katatu mpaka analigwira. Zaka 9 ndili m'dziko muno sindinkadziwa kuti kuli nkhalango yotere yoti munthu n'kufikako tsiku lomwelo kuchokera ku Joni.

Chikweza chenicheni chili m'nkhalango momwemo. Pena umagwira mizu ndi manja. Cha m'ma 10 koloko alamu anayamba kutsalira, kenako anakhala pamwala, minofu ya m'ntchafu itakokana. Madzi awo anali atatha. Apanso kampani inalakwitsa: pamndandanda wa zonyamula analemba lita imodzi ndi theka, pamene paulendo wotere munthu amafunika malita atatu. Gaidi wakumbuyo uja sanachite phuma. Anatulutsa paketi ya mchere ndi shuga, zofanana ndi Thanzi ORS wathu uja, anasungunula m'botolo lake lomwe, anawawongola mwendo pang'onopang'ono, kenako anawadulira ndodo pa nthambi yogwa kale. Chikwama cha alamu anachinyamula iye pachifuwa, chake chili kumsana. Zinandikumbutsa mapotala a ku Likhubula, anthu amene alendo amawaiwala mayina koma popanda iwo sakanafika kulikonse.

Tikupuma pamenepo anatifotokozera za phirili. Anati anthu akwawo, Amapulana, amalitcha Moholoholo, ndipo dzina loti Mariepskop linachokera kwa mfumu yawo Maripe Mashile. Mu 1864 ankhondo a Chiswazi atabwera, Amapulana anakwera phirili n'kuwagubuduzira miyala kuchokera pamwamba mpaka kuwagonjetsa. Ankafotokoza akuloza matanthwe amene anali pamutu pathu, ndipo ukayang'ana kutsetsereka kwake umamvetsa chifukwa chake adaniwo sanathe kukwera. Alamu, amene mphindi zochepa m'mbuyomo ankangopuma mwabefu, anayamba kufunsa mafunso, ndipo ndikuganiza kuti gaidiyo anadziwa kuti nkhaniyo iwapatsa nthawi yoti mwendo umasuke.

Kenako panabwera chinthu chimene chinandikwiyitsa tsikulo koma lero ndikuchiyamikira. Kampaniyi ili ndi lamulo loti 1 koloko ikakwana, aliyense amene sanafike pamwamba abwerere pomwe alipo. Nthawiyo itatsala pang'ono, gaidi anatiuza mosabisa kuti pa liwiro la alamu sitifika, ndipo anati ine ndikhoza kupitirira ndekha kukakumana ndi gulu lakutsogolo, iye atsala nawo. Ndinakana, ndinkafuna tifike tonse. Ndinamuuza kuti talipira ndalama zofanana ndi enawo. Alamu ndi amene anandidula mawu.

"Alamu, pitani. Ine ndaona zokwanira. Mukandijambulire."

"Achemwali anu ndikawauza chiyani ndikakusiyani m'tchire?"

"Mukawauze kuti ndakutumani ndine."

Ndinapita. Gaidi anaimbira mnzake pa wailesi ya m'manja kuti andidikire pamphambano, ndipo anandidikiradi.

Pamwamba nkhalango imatha, pamakhala miyala, tchire lalifupi la fynbos ndi maluwa a protea. Palinso nsanja za mawailesi ndi malo a radar a asilikali a ndege, komanso msewu wa galimoto umene umafika kumeneko. Amene akufuna nsonga yopanda chizindikiro cha munthu adziwiretu zimenezi, chifukwa ena m'gulu lathu anakhumudwa ataona kuti ena afika pagalimoto. Ine sizinandivute. Kumbali ina ndinkaona chigwa cha Blyde River Canyon ndi damu lake lili phee pansi kutali, kumbali inayo dziko lathyathyathya la Lowveld likungopita mpaka chakumene kuli malo osungira nyama a Kruger. Mphepo inali yozizira moti juzi yomwe ndinkadandaula kuti ikundilemera m'mawa ndinaivala mwachangu.

Tinakhalapo mphindi 25 zokha. Nkhungu inatulukira kummawa, ikukwera phirilo kuchokera pansi, ndipo posakhalitsa nsanja zija sizinkaonekanso ngakhale zinali pafupi. Munthu wa ku Mulanje aliyense amadziwa chiperoni, momwe chimatsekera njira masana dzuwa likuswa mtengo, ndi anthu amene anasochera ku Sapitwa chifukwa chonyozera nthawi. Ndili m'nkhungu imeneyo ndinamvetsa kuti alamu akanakhala pamatanthwe aja ndi mwendo wokokana, tikanatsika usiku. Potsika miyala inali itayamba kuterera, ndipo mtsikana wina anagwa n'kusupuka chigongono. Bokosi la mankhwala linalipo, linali lokwanira, ndipo gaidi wamkulu anamumanga bwinobwino.

Alamu ndinawapeza m'munsi mwa nkhalango atakhala pamthunzi ndi gaidi wawo, akugawana mtedza wokazinga umene tinanyamula. Mtedzawo ndi mbatata zophika zomwe mayi a kunyumba anatikulungira ndi zimene zinatisunga, chifukwa chakudya cha kampani chinali sangweji imodzi, apozi ndi kajuwisi kakang'ono. Pa makilomita 24 zimenezo sizikwanira ngakhale mwana wasukulu. Tinafika pa minibasi 5 koloko madzulo itadutsa.

Dandaulo langa lalikulu kwa eni kampani ndi lobwerera usiku womwewo. Dalaivala anali mmodzi, yemwe uja anatibweretsa Lachisanu, ndipo anayendetsa mtunda wa makilomita oposa 400 mumdima, ena mwa iwo m'misewu yokhotakhota yokhala ndi maenje. Tinafika ku Johannesburg cha m'ma 1 koloko usiku. Ndinakhala kutsogolo dala kuti ndizimuyankhulitsa, ndipo kawiri ndinamupempha kuti aime amwe khofi. Onjezerani R300 kapena R400 pamtengo, anthu agone usiku wachiwiri, abwerere Lamulungu m'mawa. Ine ndikanalipira mosanyinyirika. Komanso kutsitsa anthu pagalaja pakati pa usiku m'Joni muno si chinthu chabwino, ambiri tinachita kuitanitsa Uber tili ndi mantha.

Kwa abale amene mukuganiza zopita: nsapato zikhale za m'phiri zomwe mwaziyendera kale, osati zatsopano, chifukwa mnyamata wina anatsika ndi matuza m'zidendene zonse ziwiri. Nyamulani malita atatu a madzi, juzi, chovala cha mvula, tochi ndi chakudya chanuchanu. Valani buluku lalitali ndipo mukafika kogona mudzifufuze nkhupakupa, ine ndinapeza ziwiri kuseri kwa bondo. Ngati simunayendepo makilomita 15 tsiku limodzi, yambani mwazolowera ku Klipriviersberg kapena ku Suikerbosrand. Ndipo musaiwale kandalama ka m'manja kothokozera magaidi. Ife tinampatsa bambo uja R300, ndipo pobwerera alamu ankangonena kuti yachepa.

Kampaniyi ndidzapitanso nayo ikakonza za usiku wachiwiri. Alamu ayamba kale kuyenda wapansi kuchokera ku Mayfair kupita kushopu kwawo m'mawa uliwonse, ndipo andiuza kuti ndifunse ngati gaidi yemwe uja adzakhalepo mwezi wa Seputembala.