Kulembetsa domain ya loji pa Namecheap: ubwino wake ndi mbuna zake

Kwa eni malo ogona alendo ku Senga Bay amene akufuna dzina la webusaiti (domain) la .com, Namecheap, kampani yolembetsa mayina otere, ndi yabwino ndithu. Mumalipira pachaka, kubisa dzina ndi nambala yanu pa WHOIS (kaundula wa eni madomain amene aliyense angathe kuona) n'kwaulere, ndipo registrar lock, yomwe imaletsa munthu kusamutsa domain mwakuba, simavuta kuyatsa. Yatsaninso 2FA (nambala yachinsinsi yowonjezera pa pasiwedi polowa mu akaunti) ya pa app, osati ya SMS, poti akuba amatha kusinthitsa SIM yanu.

Mbuna ili pa malipiro. Amafuna madola, ndipo khadi la Visa la banki ya kuno likakanidwa chifukwa cha kusowa kwa forex, auto-renew (kudula yokha malipiro a chaka chotsatira) imalephera inu muli phee. Domain ikatha, pamakhala kanthawi koti mulipire pa mtengo wamba, kenako masiku 30 a redemption (nthawi yowombolera dzinalo) omwe chindapusa chake n'chowawa, kenako masiku 5 basi, dzina lija aliyense angathe kuligula. Ndalama zikapezeka lipiranitu zaka zitatu kapena zisanu. Akauntiyo ikhale pa imelo ya mwini loji, osati ya mnyamata amene anakonza webusaiti.

Chimene Namecheap singakuchitireni ndi kuletsa tsizinamtole kulembetsa dzina lofanana ndi lanu, kungosintha chilembo chimodzi kapena kuikapo kamzere, n'kumauza alendo kuti atumize dipoziti pa Airtel Money kapena Mpamba. Kulanda dzina lotere kudzera ku WIPO, bungwe la padziko lonse loweruza mikangano ya mayina otere, kumayambira pa madola 1,500. Kugula nokha mayina awiri atatu oyandikana nalo n'kotchipa kwambiri, kuphatikizapo la .mw (la kuno ku Malawi), lomwe amayang'anira ndi a bungwe la SDNP ku Blantyre.