RX 6600, khadi ya zithunzi (graphics card) ya second hand, patatha miyezi inayi, kwa amene mukukayika pakati pa khadi ndi purosesa

Ndaipatsa nyenyezi zinayi pa zisanu, yachisanuyo ndifotokoza kumene yapita.

Ine ndimakhala ku Chilomoni, kompyuta yanga ndinaimanga 2019 pang'onopang'ono, chida chimodzi mwezi uno china mwezi wa mawa mpaka inayaka. Mkatimo munali purosesa ya Ryzen 5 2600, bodi (motherboard) ya B450, RAM ya 8GB stick imodzi, ndi khadi ya GTX 1050 Ti ya 4GB. Khadi imeneyo sindingainyoze olo pang'ono, inatuluka 2016, imadya ma watts 75 okha ndipo yangayo siinkafuna chingwe chapadera cha magetsi, imangokoka a pa slot basi. Koma chaka chatha zinayamba kuoneka kuti yafika pamapeto. Gemu ya Red Dead Redemption 2 ndimasewera chilichonse chili pa low, ma fps (zithunzi zooneka pa sekondi imodzi) akungozungulira pa 30, ukangolowa mu tauni ya Saint Denis ya mu gemumo hatchi iyamba kuyenda modukizadukiza, makoma a nyumba akuoneka ngati matope kwa masekondi angapo kenako ndi pomwe akuwala bwino. Zimandiwawa mumtima chifukwa gemu imeneyo ndi yokongola, ine ndimaiona ngati ndikusuzumira pa windo la fumbi.

Ndalama yomwe ndinasunga inali yokwana chinthu chimodzi chokha, mukudziwa nokha kuti chichokereni November 2023 pomwe kwacha inatsitsidwa ndi 44% zinthu zochokera kunja sizikugwirika. Nde anzanga anagawanika. Wina amene amakonza makompyuta ku Limbe ankati "man, 2600 ija ndi ya 2018, ikani Ryzen 5 5600, socket ndi AM4 yomweyo, bodi yanu ikulola mukangopanga update BIOS" (BIOS ndi kapulogalamu ka mkati mwa bodi), wina ankati purosesa ilibe mlandu, vuto ndi khadi. Onse amadziwa zinthu, onse ankalankhula motsimikiza, ine mutu unangoima.

Chomwe chinathetsa mkangano ndi pulogalamu ya MSI Afterburner, ndi yaulere, imabwera ndi RivaTuner yomwe imaika manambala pakona ya sikilini ukusewera. Ndinayatsa GPU usage (mmene khadi ikugwirira ntchito), VRAM (memory ya khadi), ndi core (chigawo) iliyonse ya purosesa payokhapayokha, kenako ndinakwera hatchi kulowa mu tauni muja. GPU inali pa 99% osatsika, VRAM yadzaza, pomwe ma core onse 6 ankangosewera cha pakatikati, palibe inafika pamwamba. Ndinapanganso chinthu china chophweka, kutsitsa resolution (kuchuluka kwa timadontho ta chithunzi pa sikilini) kuchoka pa 1080p kupita pa 720p, ma fps anakwera pompo. Zikatero ndiye kuti khadi ndi imene ikuchedwetsa, chifukwa resolution ndi katundu wa khadi, purosesa ntchito yake siisintha kwenikweni. Zili ngati pa njerwa, woponda dothi akhoza kukhala wamphamvu bwanji koma ngati woumba akuchedwa, dothi lizingounjikana pambali, njerwa sizichuluka. Purosesa imakonza za mu gemu, anthu akuyenda, zipolopolo, magalimoto, kenako imapereka kwa khadi kuti ijambule. Kwanga dothi linali mbwee, woumba ndiye anatopa. Ndikanagula 5600 tsiku limenelo ndikanabwerera pa 30 fps pomwe paja.

Chinthu chimodzi chenjerani nacho, nambala ya purosesa yonse pamodzi imanamiza. Ikhoza kulemba 40% pomwe core imodzi ili pa 100% ndipo ndi imene ikuimitsa gemu yonse, nchifukwa ndikuti yatsani iliyonse payokha.

RX 6600 ija anandigulira msuweni wanga ku Johannesburg kwa munthu amene ankakweza yake, inabwera pa basi ndinakaitengera ku Wenela itakulungidwa mu bulangete mkati mwa katoni. Tisanalipire ndinamuuza msuweniyo kuti aione ikugwira ntchito, aitenge vidiyo gemu ikusewera kwa mphindi 20 manambala a kutentha akuoneka, chifukwa kuyambira September 2022 pomwe ndalama ya pa intaneti ya Ethereum inasiya kukumbidwa (mining) ndi makhadi ngati amenewa, makhadi ambiri a second hand anachokera ku ma mining, ena ali bwinobwino koma ena mafani anatha. RX 6600 inatuluka October 2021 pa mtengo wa madola 329, ili ndi 8GB ya GDDR6, imadya ma watts 132.

Pa ma watts pamenepo ndi pomwe ndinakumana ndi ndalama zomwe sindinawerengere. Khadi imeneyi imafuna chingwe cha 8-pin, ndipo power supply (kabokosi kopereka magetsi mu kompyuta) yanga yakale, ija inabwera ndi case, inalibe. Pa stika inalembedwa 500W koma nditaichotsa inali yopepuka ngati chitini chopanda kanthu. Wina anandiuza kuti ndingogula adapter ya Molex, ndinakana, tizingwe timeneto timatentha ndipo sindikanalola kuti khadi yomwe ndaisungira miyezi yambiri ipse chifukwa cha kachingwe. AMD, kampani ya khadiyi, imanena kuti pakhale 450W kupita mmwamba, ine ndinagula ya 550W ya 80 Plus Bronze, khadi inakhala mu katoni masabata awiri kudikira malipiro. Kenako sikilini, yanga ili ndi DVI ndi VGA basi pomwe khadiyi ili ndi HDMI ndi DisplayPort, nde ndinayenda mashopu angapo mu Limbe dzuwa likuswa mtengo mpaka ndinapeza chingwe cha HDMI kupita DVI. Ma driver (mapulogalamu oyendetsa khadi) a khadi yakale ya Nvidia ndinawachotsa ndi pulogalamu ya DDU mu safe mode ndisanaike a AMD otchedwa Adrenalin, musadumphe pamenepo, komanso konzani bandulo yokwanira chifukwa ma driver ndi aakulu ndithu.

Koma itayaka, abale. Saint Denis yemweyo usiku, nyali za mumsewu zikuwala pa miyala yonyowa ndi mvula, ma settings ambiri ali pa high, ma fps akukhala cha mu 60 osagwa, ndinangoimitsa hatchi nkumayang'ana. Mng'ono wanga anali pambali panga, anandifunsa kuti "achimwene, ndi gemu ija yomweyi kapena mwaika ina?" GTA V ikudutsa 60 mosavuta, EA Sports FC 24 ili myaa, ngakhale mipira ya pakona yomwe kale imadukiza anthu akadzadza mu bokosi. Sikilini yanga ndi ya 60Hz nde ma fps opitirira pamenepo sindiwaona ndi maso, pa 1080p khadiyi yandikwanira ndi kutsala. Mwezi wa October kutentha kuja inkafika cha mu ma 70 digiri ndikasewera nthawi yaitali, zomwe zili bwino, bola kupukuta fumbi chifukwa kwathu kuno msewu ndi wa dothi, masabata atatu mafani ayamba kale kufiira. Mayunitsi a magetsi akutha msanga pang'ono kusiyana ndi kale koma osati zodandaulitsa.

Nyenyezi yachisanu ija. Ray tracing (njira yoonetsa kuwala ndi mithunzi ngati zenizeni) ilipo koma pa khadi ya msinkhu uwu imagwetsa ma fps kwambiri, ine ndimaisiya yozimitsa. Komanso khadiyi imagwiritsa ntchito ma lane 8 okha a PCIe 4.0 (njira zolumikizira khadi ndi bodi), nde pa bodi ya B450 yomwe ndi PCIe 3.0 mpata umachepa ndi theka, magemu ambiri simuona kusiyana koma amene amadzazitsa VRAM mumamva kakudukiza apo ndi apo.

Ndipo tsopano zatembenuka, mu Warzone ndi Counter-Strike 2 khadi ikumakhala cha pa 70% kudikira purosesa, mnzanga wa ku Limbe uja sananame, anangofulumira. Magemu a anthu ambiri pa intaneti amalemera ku purosesa, nde ngati inu mumasewera amenewo okha pa low settings kufuna ma fps ambiri, yankho lanu likhoza kusiyana ndi langa. Ndaonjezera stick yachiwiri ya 8GB kuti RAM iyende dual channel (ma stick awiri kugwira ntchito limodzi), zathandiza ndithu pa kudukiza, Ryzen imakonda zimenezo ndipo ndi zotchipa kuposa zonse zomwe ndagula.

Ryzen 5 5600 ndikuisungira panopa, ilinso ndi ma watts 65 ngati 2600 nde fani yomwe ndili nayo ikwana. Chomwe chikundiopsa ndi BIOS, magetsi akazima uli pakati pa update bodi ikhoza osadzukanso, ndipo yangayi ilibe batani la flashback lobwezeretsera BIOS. Ndagwirizana kale ndi mnzanga wa ku Namiwawa amene ali ndi sola ndi inverter, tsiku limenelo ndidzanyamula bokosi lonse pa minibasi tikapangire kwawo.