Makapisozi a tiyi wobiriwira: kuwotcha kwachepa, koma mizere yoyera ikadalipo

Ndikuwapatsa nyenyezi zitatu pa zisanu, ndipo ndikupempha amene ali ndi matenda a m'kamwa otchedwa oral lichen planus ngati ine awerenge kaye asanagule botolo.

Matendawa amayamba chitetezo cha m'thupi chikatembenukira mwini wake: maselo otchedwa T, amene ntchito yake ndi kulimbana ndi tizilombo, amayamba kuwononga khungu lofewa la m'kamwa. Sapatsirana ngakhale mutamwera chikho chimodzi. Amagwira munthu mmodzi kapena awiri pa anthu 100 alionse, makamaka akazi azaka zapakati. Ine mkati mwa masaya onse awiri muli mizere yoyera yolukanalukana ngati ukonde wa kangaude. Madokotala amaitcha Wickham striae, potengera dokotala wa ku France amene anaifotokoza mu 1895. Mizereyo siipweteka. Chopweteka ndi kamalo kofiira kumanzere, pafupi ndi dzino lakumapeto, kamene kamasupuka n'kusanduka chilonda, moti ngakhale mchere wochepa umachititsa misozi kulengeza.

Dokotala wa mano anadula kanyama kakang'ono n'kukapima, anatsimikiza matendawo, ndipo anandipatsa triamcinolone wopaka. Amenewo ndiwo mankhwala enieni. Makapisoziwa ndinangowonjezera pamwamba, dokotalayo atavomera.

Chimene chinandikopa n'chomveka. Tiyi wobiriwira ndi wakuda amachokera ku chitsamba chimodzi, Camellia sinensis, koma wobiriwirayo amamutenthetsa ndi nthunzi kapena kumukazinga akangothyola, masamba asanade. Motero ma antioxidant ake (zinthu zoteteza maselo kuti asawonongeke) otchedwa catechin, makamaka EGCG, amatsala ambiri. Mu labotale EGCG imachepetsa kutupa. Kafukufuku wa pa anthu odwala matendawa ndi wochepa ndiponso wa magulu ang'onoang'ono, choncho sindinkayembekezera zozizwitsa.

Patapita masabata angapo, kuwotcha kwa m'mawa kunayamba kuzilala. Kale mswachi ukangokhudza kamalo kaja ndinkadzidzimuka n'kulavula thovu la timagazi. Tsopano ndimatsuka mbali imeneyo mpaka kumapeto, pang'onopang'ono, osagwira tsaya. Kwa amene sanadwalepo zingaoneke zazing'ono, koma kwa ine ndi kusiyana kwa kuyamba tsiku uli wokwiya ndi kuliyamba uli bwinobwino. Komabe ulemu wonse usapite kwa makapisozi. Nthawi yomweyo ndinasintha mankhwala otsukira mano n'kutenga opanda sodium lauryl sulfate, chija chimachititsa thovu chimene chimanyerenyetsa m'kamwa mwa anthu ambiri odwala matendawa, ndipo wopaka uja sindinamusiye.

Mizere yoyera sinasunthe ngakhale pang'ono. Tsabola ndi zowawasa zimandiwotchabe. Ndipo itafika nyengo ya nkhawa ndi kusagona, chilonda chinabwerera makapisozi ndikumwa tsiku ndi tsiku. Chimene chinachitseka ndi triamcinolone.

Dandaulo langa lalikulu lili pa chizindikiro cha botolo. Kutsogolo alemba ndi zilembo zikuluzikulu kulemera kwa kapisozi yense, pamene kuchuluka kwa EGCG akubisa kumbuyo m'tizilembo tofuna magalasi. Komatu nambala imeneyo ndiyo yofunika. Mu 2018 bungwe loona za chitetezo cha zakudya ku Ulaya, EFSA, linapeza kuti EGCG ya m'makapisozi ikafika 800 mg pa tsiku kapena kupitirira imatha kuvulaza chiwindi. Mu 2022 European Union inaika lamulo loti mlingo wa tsiku ukhale wochepera pamenepo, komanso kuti botolo lizichenjeza kuti asamwedwe m'mimba mulibe kanthu, ndipo amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 18 asamwe. Munthu wa zilonda m'kamwa amadya movutika, nthawi zina amadumpha chakudya, ndiye ndi iyeyo amene angameze kapisozi ndi njala. Chenjezo lotere liyenera kukhala poonekera, osati pakona. Zimandipweteka mtima kuganiza za munthu amene ululu wamutopetsa, akuwirikiza mlingo poganiza kuti za masamba sizipweteka.

Ine ndimamwa pakati pa chakudya cha m'mawa. Madzulo ayi, chifukwa muli caffeine. Amene mumamwa mapilisi owonjezera magazi musamwe pamodzi, popeza tiyi amatchinga ayironi kulowa m'thupi. Amene muli pa warfarin (woletsa magazi kuundana) kapena nadolol (wa BP ndi mtima) funsani dokotala kaye. Mukaona maso achita chikasu kapena mkodzo wada, siyani pomwepo mupite kuchipatala.

Chinanso chimene makapisozi sangachite: tiyi weniweni wofulula, wozizira bwino, ndikachukucha naye m'kamwa mpumulo umabwera nthawi yomweyo, ngakhale sukhalitsa. Wotentha musayese, amawonjezera moto. Amadetsa mano pang'ono, koma zimenezo ndazivomereza.

Ululu ukachepa munthu umayamba ulesi wopita kukaonedwa, ndipo apa ndi pamene ndikuopa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse, WHO, limaika oral lichen planus m'gulu la matenda a m'kamwa amene angasanduke khansa. Zimachitika kwa ochepa, pafupifupi mmodzi pa 100, koma kapisozi alibe maso oonera kusintha kumeneko. Chilonda chosapola, chotupa cholimba kapena kamalo kosintha maonekedwe, makamaka m'mbali mwa lilime, ndi za dokotala.

Botolo lina ndagula, koma la kampani ina imene yalemba EGCG kutsogolo, mlingo wake uli kutali ndi 800 mg. Tsiku lokaonedwa likakwana ndidzapita nalo kuti dokotala aliwerenge yekha.