Final Fantasy VII Remake pa PlayStation 4 (PS4): gemu yofotokoza nthano mwa Chijapani

Mukagula gemu iyi yogwiritsidwa kale ntchito kumashopu a ku Old Town kuno ku Lilongwe, tsegulani bokosi musanapereke ndalama. M'bokosimo mukhale zimbale ziwiri, Data Disc (chokopera gemu mu PS4) ndi Play Disc (chosewerera). Yambani kulowetsa Data Disc, ndipo PS4 ikhale ndi malo okwana 100GB. Magetsi akathima kukopera kusanathe, mwina muyambiranso.

Kampani ya Square Enix inatulutsa gemuyi mu 2020, kukonzanso gemu ya 1997. Chomwe chimandigwira mtima ndi kafotokozedwe ka nkhani. Olemba ake, kuphatikizapo Kazushige Nojima, sathamangira nkhondo. Amakusiyani mukhale kaye ndi anthu osauka a pansi pa mzinda wa Midgar, mumve madandaulo awo, muone mmene kampani ya Shinra ikuyamwira moyo wa dziko kuti ipange magetsi. Tsoka likagwera Sector 7, dera lina la osaukawo, mumamva kuwawa chifukwa anthuwo mumawadziwa kale. Cloud, mwini nkhani mu gemuyi, salankhula zambiri. Nkhope ndi kukhala chete kwake ndi zomwe zimanena. Ikani mawu a Chijapani, mawu olembedwa akhale a Chingerezi, muzimva bwino zimenezi.

Zofooka zilipo. Timantchito tapambali ta mutu 3 ndi 14 timachedwetsa nkhani, ndipo mitu yonse 18 imathera ku Midgar basi. Mathero ake amasokoneza amene sanasewereko yakale ija.

Fumbi la chilimwe limatenthetsa PS4, fani n'kumalira ngati chigayo. Pukutani mabowo a mpweya musanayambe.